Miyendo ya Enelesi Kuseri kwa Kauntala

Enelesi Ngozo, amene pa Nsipe amamutchula kuti aNangozo a kwa Che Omari, wagwira ntchito m'sitolo imodzi kuyambira mu 1996. Anthu ambiri amene akhala akugula kwa iye sopo, mchere, misomali ndi mbewu ya chimanga amamudziwa kuyambira m'chiuno kupita kumutu. Kauntala ya m'sitolomo ndi ya matabwa, yaitali ndithu, ndipo zimene zili kuseri kwake wogula saziona.

Anabadwa mu 1970 m'mudzi wina kuseri kwa Tsangano, kufupi ndi malire a Mozambique. Anali woyamba mwa ana asanu. Bambo ake anali mkamwini wofatsa, mlimi wa kachewere. Mayi ake anali munthu wamphamvu pa khasu, koma miyendo yawo inali ndi mitsempha yotupa, yopiringizana kuyambira kuseri kwa bondo mpaka m'kakolo. Madzulo aliwonse ankakhala pakhonde, miyendo atasanjika pa mtondo wogoneka, n'kumadandaula kuti ikulemera.

Enelesi ali ndi zaka khumi ndi zinayi, agogo ake anamwalira n'kusiya dimba la m'mphepete mwa mtsinje. Mayi ake analimbirana dimbalo ndi mng'ono wawo, aJaneti. Mlandu unakambidwa, dimba linapita kwa amayi ake a Enelesi. Chaka chomwecho, pamwamba pa kakolo wa kumanzere wa mayiwo panatuluka kachilonda. Sikanapole. Kanakula mpaka kufanana ndi chikhatho cha mwana. Sing'anga wina wa kutsidya kwa malire ananena kuti anaponda mankhwala panjira ya kudimba, ndipo wotchera mankhwalawo ndi wa m'banja momwemo. Dzina sanatchule, koma m'mudzimo panalibe amene anafunika kuuzidwa.

Kwa zaka zisanu Enelesi ankatsuka chilondacho m'mawa uliwonse ndi madzi ofunda othira mchere, n'kuchimanga ndi nsanza zochapa. Mayi ake anamwalira mu 1989 ndi matenda a m'chifuwa, chilondacho chikadalipo. Pamaliro aJaneti anamubweretsera mbale ya chakudya, iye anatembenukira kukhoma. Mwana wa aJaneti, Salome, anali msinkhu umodzi ndi Enelesi, ndipo anakulira pamphasa imodzi. Kuyambira tsiku limenelo awiriwa analeka kulankhulana.

Chaka chotsatira Enelesi anakwatiwa ndi Edson, kalipentala wa pa Nsipe amene anabwera ku Tsangano kudzakhoma denga la tchalitchi. Anachita zosiyana ndi mwambo wa kwawo: iye ndiye anatsatira mwamuna. Dimba anasiyira azing'ono ake. Kumudzi ankangopita pa maliro, ndipo akapita ankagona usiku umodzi, kunyumba ya aJaneti osaponda.

Ntchito ya m'sitolo anaipeza kudzera mwa mwamuna wake, amene anakhoma mashelefu kwa Che Omari. Che Omari anali Msilamu wochokera ku Mangochi, wolankhula motsitsa, wosakonda phokoso. Anali ndi lamulo limodzi lokhwima: m'sitolo munalibe mpando.

"Wogula akalowa n'kukupezani mutakhala, amaona ngati wakusokonezani," anamuuza tsiku loyamba. "Akupezeni muli chilili."

Eni akewo ankaimanso tsiku lonse, kotero panalibe chodandaula. Sitolo inkatsegulidwa hafu pasiti sikisi m'mawa, kutsekedwa dzuwa litalowa. Lachisanu masana Che Omari ankapita kumzikiti n'kumusiyira makiyi. Lamulungu Enelesi ankapita ku Misa. Pa Idi ankalandira mpunga ndi nyama ya mbuzi, iye nthawi yokolola ankawatengera maungu ndi nyemba. Mwana wamkazi wa Che Omari, Asma, anakulira m'sitolo momwemo, ndipo kangapo anagona kumbuyo kwa Enelesi mayi ake atapita kumsika.

Mitsempha inayamba kuoneka ali ndi pakati pa mwana wachiwiri. Anayesa kuti akachira idzabwerera. Inabwerera pang'ono, koma pa mwana wachitatu ndi wachinayi inatulukiratu. Mwendo wa kumanzere ndiwo unali woipa kwambiri. Pofika masana miyendo inkalemera, akakolo ankatupa mpaka malamba a silipasi kusiya mizere pakhungu. Khungu la pamsongolo linada, linalimba, ndipo linkayabwa kwambiri nthawi yotentha. Anaphunzira kuima ndi mwendo umodzi, wina atauponda pa kreti yopanda mabotolo, kenako n'kusinthana. Chitenje ankamanga chofika pansi.

Mu 2005 mayi wina wa kutchalitchi anamutengera kwa sing'anga wa kufupi ndi Kampepuza. Sing'angayo anamutema mphini khumi ndi ziwiri mwendo uliwonse ndi lezala, n'kupakamo mankhwala akuda. Mphini imodzi inachucha magazi mpaka sing'anga yemweyo anachita mantha. Palibe chinasintha. Enelesi anaganiza kuti mankhwala amene anaponda mayi ake anamutsatira, ndipo nkhaniyi sanaikambenso ndi munthu. Edson anamwalira mu 2011. Che Omari anamwalira mu 2017, sitolo n'kutsala m'manja mwa Asma, amene anali atabwerako kusukulu ya zamalonda ku Lilongwe. Asma anasintha zambiri, anaika magetsi a sola ndi firiji, koma za mpando palibe anazikumbuka.

Tsiku lina mu Okutobala 2022, kunja kukutentha, mlimi wina anabwera kudzagula makasu awiri. Enelesi anawerama kukoka mtolo wa makasu pansi pa shelefu, ndipo nsonga ya khasu limodzi inamukhudza pamsongolo. Sanamve kuwawa. Anapereka makasuwo, mlimiyo n'kutuluka. Kenako anamva kuti phazi likuterera m'silipasi. Atakweza chitenje anaona magazi akutumphuka ngati madzi a paipi yobooka, kachingwe kowonda kofika mpaka pa thumba la mchere. Anang'amba nsalu n'kumanga pamwamba pa bondo, iye ali chiimire. Magazi anawonjezeka.

Asma anali kuchipinda chosungira katundu. Atatuluka anapeza pansi pali pofiira.

"Anti, gonani pansi!"

"Ndidetsa matumba."

"Gonani, ndikunena!"

Anamugoneka pa makatoni, anamasula nsalu ija, anakweza mwendo n'kuusanjika pa kauntala, ndipo anapsinja pabalapo ndi mpango wake wa kumutu. Patapita mphindi zochepa magazi analeka. Apa m'pamene Asma anayang'ana mwendo wonse. Anali asanauonepo chibadwire.

"Anti, zaka zonsezi miyendo ili chonchi?"

"Eya."

"Bwanji osanena?"

"Ukanatani?" anayankha Enelesi. "Tseka chitseko, anthu akusuzumira."

Asma anamutengera kuchipatala cha pa Boma pa galimoto ya sitolo. Kumeneko anamusoka kamodzi n'kumumanga bandeji. Dokotala wachinyamata amene anamuona anayang'ana miyendo yonse iwiri, anapsinja khungu lakuda lija ndi chala, n'kufunsa ntchito imene amagwira. Kenako ananena kuti pachipatala china ku Blantyre pamabwera madokotala a mitsempha kamodzi pachaka, mwezi wa Juni, ndipo angathe kumulembetsa.

"Andidula mwendo?"

"Ayi, mayi. Sang'amba n'komwe. Amagwiritsa ntchito leza."

"Lezala ndinayesa kale," anatero Enelesi, akuloza zipsera za mphini. "Onani. Palibe chinathandiza."

Dokotalayo anamwetulira. Anafotokoza kuti sakunena lezala lometera. Leza ndi kuwala kotentha kumene kumadutsa m'kawaya kowonda. Kawayako amakalowetsa mkati mwa mtsempha woonongekawo, kutenthako n'kuutseka. Enelesi analola kulembedwa dzina chifukwa Asma anali ataima pomwepo, ndipo nambala ya foni imene anapereka inali ya Asma.

Asma anagula mpando wa ndalema tsiku lotsatira. Enelesi ankakhalapo sitolo ikakhala yopanda anthu, koma akangomva mapazi pakhonde ankadzuka. Mu Januwale, mvula ili mkati, pamwamba pa kakolo wa kumanzere panatuluka kachilonda kofanana ndi njere ya nyemba. Anakazindikira. Sanauze munthu. Anayamba kutsuka ndi madzi a mchere, ndipo Loweruka lina anaitana ana ake aamuna awiri n'kuwauza mbuzi ya yani ndi iti, ndiponso amene adzatenge makina osokera. Anawo anaseka, iye sanaseke.

Foni inabwera kumapeto kwa Meyi. Enelesi analongedza ngati munthu wokagonekedwa masabata awiri: bulangeti, beseni, mbale, kapu, zitenje zinayi ndi kolona. Anakwera minibasi pa Nsipe m'mawa, anakafikira kwa mwana wake wamkazi amene anakwatiwa ku Bangwe.

Pachipatalapo anapeza anthu oposa makumi atatu pabenchi: aphunzitsi, alonda, ometa tsitsi, mayi wina wapolisi. Ena miyendo yawo inali yoipa kuposa yake. Dokotala amene anamuona anali mayi wachikulire wochokera kunja, ndipo namwino wina dzina lake Emma ndiye ankamasulira. Anamuimika pa kabokosi, anamupaka mafuta ozizira pantchafu, n'kumayendetsa kachipangizo kounikira pakhungu. Pagalasi la makinawo pankaoneka zotuwa ndi zakuda zokhazokha. Dokotala anafinya katumba wa mwendo, pagalasi panaoneka mtundu wa buluu. Atasiya, panabwera kufiira kumene kunakhala nthawi yaitali.

"Mwaona kufiirako?" anatero Emma. "Amenewo ndi magazi akubwerera pansi. M'mitsempha muli tizitseko timene timatseguka magazi akamakwera kupita kumtima, n'kutsekeka kuti asatsike. Tanu tinafooka. Ndiye magazi amangodikha m'mwendo, mtsempha n'kumafufuma, khungu n'kumaonongeka. Chilondachi chachokera pamenepo."

"Mukautseka mtsemphawo, magazi azidzera kuti?"

Emma anamasulira, dokotala anasuntha kachipangizo kaja n'kuloza bwalo lakuda lalikulu.

"Akuti mkati mwa mnofu muli mitsempha ina ikuluikulu. Yanu ili bwinobwino, ndi imeneyo mukuionayo. Ntchito yambiri imagwiridwa ndi imeneyo. Wapamwambawu panopa ukungosokoneza."

Kenako dokotala anafunsa za ana, za mankhwala amene amamwa, ndiponso ngati m'banja mwawo munali wina wa miyendo yotere.

"Mayi anga," anayankha Enelesi. "Koma iwo zawo zinali zina. Anachita kuponda mankhwala."

Emma anamasulira monga mmene anamvera. Dokotala anafunsa ngati mayiwo anali ndi chilonda ndiponso malo amene chinali, Enelesi analoza pa chilonda chake. Dokotalayo analankhula mawu ochepa uku akulemba.

"Akuti matendawa amayenda pamtundu," anatero Emma. "Kuima nthawi yaitali ndi kubereka kumangowonjezera. Akuti mukakayang'ana bwino kuchimuna kapena kuchikazi kwa mayi anu, mukapezanso ena."

Enelesi anapukuta mafuta aja ndi pepala limene anamupatsa.

Anamuitana m'mawa wa tsiku lotsatira. Anafika ndi katundu wake yense, Emma n'kumuuza kuti amusiye pakhomo, chifukwa sagona. Anamugoneka pabedi lopapatiza, anamutsuka mwendo ndi mankhwala achikasu, anamuveka magalasi akuda. Sanamugonetse tulo. Anamubaya jakisoni wochititsa dzanzi m'munsi mwa bondo, ndipo pamalo pomwepo analowetsa singano m'mtsempha. Kawaya kaja kanadutsa m'menemo, kanakwera mpaka kumtunda kwa ntchafu, iye osamva kalikonse. Chimene chinamuwawa ndi majakisoni otsatira, asanu ndi atatu kapena kuposa, amene ankathira madzi ozizira a mankhwala mozungulira mtsempha wonse kuti kutentha kusapse mnofu. Ntchafu inafufuma n'kuuma gwa. Enelesi anagwira chitsulo cha bedi, anayamba Tikuoneni Mariya chamumtima, ndipo anasokoneza kawiri.

Anapendeketsa bedi, mutu pansi miyendo m'mwamba. Makina anayamba kulira pii, pii, pii, ndipo dokotala ankakoka kawaya kaja pang'onopang'ono, akuwerenga m'chilankhulo chawo. Patapita kanthawi Enelesi anamva kukoma kwachilendo m'kamwa.

"Anesi, ndikumva ngati nyemba zopserera."

"Zimatero. Musaope."

Ola lisanakwane zonse zinali zitatha. Pamene analowetsera singano anangomatapo kapulasitala. Chilonda cha pakakolo anachitsuka n'kuchiphimba, kenako anamuveka sokosi lolimba lofika m'ntchafu. Emma anamugwira mkono.

"Dzukani, muyende."

"Lero lomwe?"

"Pompano. Mphindi makumi atatu, m'khondemu. Mukangokhala ndiye mudziputira mavuto."

Anayenda, akudutsa anthu a pabenchi amene ankamuyang'anitsitsa miyendo. Mlonda wina wachikulire anamufunsa ngati zikuwawa. Iye anati majakisoni ndiwo akuwawa, zinazo ayi. Emma anamuuza kuti mwendo wa kumanja udikire chaka chamawa, popeza odwala anali ambiri ndipo umenewo unalibe chilonda.

Anabwerera ku Nsipe patatha masiku awiri, bulangeti lake osafunyulula. Anali atauzidwa kuti asakhale nthawi yaitali miyendo atapinda, kotero minibasi itaima pa Zalewa anatsika n'kuizungulira katatu, anachitanso chimodzimodzi pa Chingeni. Kondakitala anamufunsa ngati wataya chinthu.

Mlungu woyamba ntchafu inabiriwira. Tsiku lachisanu anamva ngati mkati mwa mwendo muli chingwe chimene wina akuchikoka, ndipo anaimbira Emma pafoni ya Asma. Emma anati ndi mtsempha uja ukufota, amwe mankhwala opha ululu ndipo apitirize kuyenda. Sokosi linali lovuta kuvala. Ankalimbana nalo m'mawa asanatsike pabedi, nthawi zina mpaka thukuta. Anabwerera kuntchito tsiku lachisanu ndi chitatu. Asma anamupatsa ntchito zoyendayenda, kukatenga katundu kumsewu ndi kukapereka maoda kumagolosale ang'onoang'ono. Mitsempha yotupa ija sinathe yonse, koma inaphwa, ndipo kulemera kwa masana kunachoka. Khungu lakuda silinayere. Chilonda chinayamba kuuma m'mbali, ndipo sabata yachisanu ndi chiwiri chinatsekeka, n'kusiya chipsera chosalala.

Mu Seputembala Enelesi anapempha masiku atatu. Anakwera minibasi mpaka pa mphambano ya ku Tsangano, kenako lole yopita kukatenga kachewere. Kunalibe maliro, choncho azing'ono ake anadabwa pomuona. Atamwa madzi anawoloka bwalo kupita kunyumba imene anali asanapondeko zaka makumi atatu ndi zinayi.

AJaneti anali pakhonde, akusankha mbewu ya kachewere m'lichero. Anali atakalamba, maso atayera pang'ono. Enelesi anagwada chapatali.

"Odi, amayi."

"Ndani?"

"Ndine Enelesi."

Mayiwo anasiya lichero. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Wamwalira ndani?"

"Palibe. Ndabwera kudzakuonani."

Anamulozera mphasa. Anafunsana za moyo, za ana, za mphepo ya chaka chimenecho. Kenako Enelesi anakweza chitenje, anatsitsa sokosi, n'kufotokoza zonse: khasu, magazi, Blantyre, tizitseko, kawaya. Anamaliza ndi mawu a dokotala aja, akuti matendawa amayenda pamtundu.

AJaneti anakweza nsalu yawo mpaka m'mawondo. Miyendo yawo yowonda inali ndi mitsempha yomweyo, mfundo zokhazokha.

"Ndiye wayenda ulendo wonsewu kudzandiuza zimene ndimaziona tsiku lililonse posamba?" anatero. "Amayi athu anali nayo. Akulu anga, mayi ako, anali nayo. Ine ndinali nayo nthawi yomwe ija mumanditcha mfiti. Ndinakweza nsalu pamaso pa anthu kuti aone. Anati ndadzilodza dala kuti ndibisale."

"Ine sindinamve zimenezo."

"Unalipo. Unakhala pafupi ndi nkhokwe."

Enelesi anayang'ana pansi. Anati, "Ndinalakwa, amayi."

"Unali mwana," anatero aJaneti, akutenganso lichero. "Akuluakulu amene anayambitsa anapita onse. Ndikwiyire ndani tsopano? Ndatopa. Pita kuseriko ukaone m'bale wako."

Salome anali kuseri kwa nyumba, atakhala pansi akusenda nyemba. Anali atamva zonse. Mwendo wake wa kumanja unali wotupa kuyambira m'bondo, womangidwa ndi nsanza, ndipo ntchentche zinkazungulira. Sanapatsane moni wautali. Enelesi anapempha kuona, Salome anamasula. Chilondacho chinali chachikulu kuposa cha mayi ake a Enelesi, ndipo chinali chitatha zaka zisanu ndi chimodzi.

"Anthu akuti chiyani?" anafunsa Enelesi.

"Akuti zabwerera kwa eni ake."

"Ndikakulembetsa. Juni tipitire limodzi."

"Iwe ndi ine?"

"Ndi ndaninso? Njira ndikuidziwa ndine."

Anapitadi. Dokotala wa pa Boma uja analemba dzina la Salome, ndipo mu Juni 2024 anakwera minibasi imodzi, atakhala moyandikana, akulankhula za mitengo ya feteleza ndi za ana basi. Enelesi anamuuziratu zonse, za majakisoni, za magalasi akuda, za nyemba zopserera. Anamuletsa kutenga bulangeti.

Salome anaimikidwa pa kabokosi komwe kaja. Dokotala anali wina, bambo wamtali, koma womasulira anali Emma yemweyo. Kuunikako kunatenga nthawi yaitali kuposa kwa Enelesi. Dokotala ankabwerera malo amodzimodzi kumtunda kwa ntchafu, akupsinja, akuyang'ana. Anafunsa ngati mwendowo unatupapo mwadzidzidzi kale. Salome anati inde, atangobereka mwana womaliza, unatupa ngati mtondo mwezi wathunthu, ndipo anangogona m'nyumba mpaka unaphwa.

Emma anafotokoza pang'onopang'ono. Nthawi imeneyo magazi anaundana mu mtsempha waukulu wa mkati, ndipo mtsemphawo unatsekeka, sunatsegukenso bwino. Mitsempha yapamwamba yotupayo ndiyo inali njira yokhayo imene magazi ankadzera. Akaitseka ndi leza, mwendo ukanatupa koposa.

"Ndiye sizitheka?" anafunsa Enelesi.

"Leza ayi. Koma chilondachi chingathe kuchepa, mwina kupola kumene. Pafunika bandeji yolimba yomanga mosanjikiza, kusintha mlungu uliwonse, kwa miyezi ingapo. Ndipo mwendo uzikhala m'mwamba akamapuma."

Salome anamanga chitenje chake. "Ndamva," anatero.

M'mawa mwake Enelesi analowa kukatsekedwa mtsempha wa mwendo wa kumanja. Salome anakhala pabenchi atanyamula chikwama cha m'bale wake, mwendo wake utamangidwa bandeji yoyera mpaka m'bondo. Enelesi atatuluka n'kuyamba kuyenda m'khonde, Salome anadzuka n'kuyenda naye, akutsimphina. Palibe analankhula za leza.

Kuchokera kumudzi kupita pa Boma mlungu uliwonse sikukanatheka, choncho Salome anatsikira pa Nsipe. Anagona m'chipinda chimene kale munkagona ana aakazi. Lachiwiri lililonse ankakwera minibasi kupita kukasinthitsa bandeji. Masiku ena ankakhala pakhonde, mwendo atausanjika pa ndowa yovundikira, akusoka mphasa za mlaza zimene Asma anayamba kuziika pakhomo la sitolo. Awiriwa ankakangana pa tinthu ting'onoting'ono: mchere wa m'ndiwo, wailesi, kutseka zenera. Za dimba ndi za maliro a 1989 sanazikambe. Enelesi anapita naye kuchipatala kangapo mpaka anaphunzira kumanga bandeji yekha, kuyambira kuzala kukwera, mokoka mofanana.

Pofika Okutobala chilonda chinali chitachepa ndi theka. Fungo linatha, ndipo Salome anayamba kupita kutchalitchi. Anamwino anati apirire miyezi ina itatu. Koma mitambo itayamba kusonkhana kumapiri a kumadzulo, Salome anati akupita. Munda unali wosagalauza, ndipo mayi ake sakanatha kukhala ndi adzukulu okha nyengo ya dzinja.

"Chikakulanso," anatero Enelesi.

"Mwina. Nanga chimanga adzale ndani?"

Enelesi sanalimbikire. Anaitanitsa mwana wamkazi wa Salome, mayi wa ana awiri, n'kumuphunzitsa kumanga bandeji masiku atatu, akuyeserera pa mwendo wake womwe. Anamuuza kuti azichapa mabandeji ndi madzi otentha, aziyanika padzuwa, ndipo zala za kuphazi zikasintha mtundu amasule msanga. Loweruka m'mawa anawaperekeza kumsewu. Minibasi yoyamba inali yodzaza, yachiwiri Enelesi anakambirana ndi dalaivala kuti Salome akhale kutsogolo, kumene angathe kutambasula mwendo.

Panopa Enelesi ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu, ndipo amagwira ntchito masiku anayi pa mlungu. Mwendo wa kumanzere watulukanso timitsempha tiwiri kuseri kwa bondo, koma sitiwawa. Salome amaimba foni Lamulungu masana akapeza netiweki pachulu cha kuseri kwa sukulu. Mu Febuluwale chilonda chake chinakula chifukwa cha matope a kumunda. Atakolola chinayambanso kuchepa. Ulendo womaliza umene anaimba anati chatsala ngati chivindikiro cha botolo, ndipo anapempha kuti amutumizire mabandeji ena awiri pa lole ya kachewere ya Lachinayi.